Chithunzi cha agogo chinali m'zinyalala

Loweruka likandipatsa mwayi ndimakajambula zithunzi pa zinkhoswe ndi maukwati. Ndiye mopezera ya lendi ndi ya ndiwo, poti ya loni mukuidziwa mmene imathera. Kujambulako sikuvuta. Chintchito chimabwera Lamulungu usiku, utakhala pa laputopu ndi zithunzi zoposa 2,000, asayimenti ya Lolemba usanaiyambe, eni mwambo ali kale pa WhatsApp: "Zatheka kodi?"

Ndiye mnzanga atandionetsa pulogalamu yosankha yokha zithunzi, sindinachedwe. Imaika pamodzi zithunzi zofanana, n'kumayang'ana nkhope iliyonse: maso ndi otsegula? Chithunzi chagwedera? Kuwala kwakwana? Ikatero imapereka nyenyezi, zabwino uku, zotaya uko. Nzeru yake si yatsopano. Mu 2018 Google inaika Top Shot mu foni ya Pixel 3, yomwe imatola zithunzi zingapo motsatizana n'kukulozera chimene anthu sanaphethire. Ine ntchito ya maola asanu inatha mpunga usanapse. Ndinagona ngati mwana.

Pa chinkhoswe china ku Domasi ndinachita chimodzimodzi. Ndinatumiza zithunzi 300 zimene pulogalamu inasankha, zonse zowala, mano pamtunda. Mawa lake mwini chinkhoswe anaimba foni.

"Achimwene, zithunzi ndaziona, zili bwino. Koma cha agogo chili kuti?"

Agogo analimo m'zithunzi zingapo, atakhala pampando, manja pamiyendo. Iye sankanena zimenezo. Pamene ankhoswe ankasinthana tambala ndi thadzi, gogoyo, amene anamulera mayi ake atamwalira, anadzuka popanda ndodo n'kuimba nthungululu. Mtsikanayo anandiona ndikujambula. Ndinakachipeza mu foda ya zotayidwa, chili ndi nyenyezi imodzi. Maso otsinzina, dzanja lili pakamwa litagwedera, mpango utapendekeka. Pa malamulo a pulogalamuyo chinalakwa paliponse.

Sindikuida pulogalamuyo. Inachita zimene anaiphunzitsa. Koma taganizani za miyambo yathu, muone nthawi zimene anthu amatsinzina: popemphera, polira, poseka mpaka misozi, poimba nyimbo imene yawafika pamtima. Nanga kugwedera? Pa perekani-perekani palibe amene amaima chilili kudikira kamera, ndalama zili m'mwamba, ziuno zili pantchito. Makina ofuna maso otsegula ndi thupi lodekha amasankha nthawi imene anthu akudziwa kuti akujambulidwa, n'kutaya nthawi imene aiwala. Akayala zithunzi zotero, chinkhoswe chimaoneka ngati mzere wa ku ofesi ya ziphaso.

Zinandikumbutsa Robert Capa, amene tinamutchulako m'kalasi. Pa 6 June 1944 anajambula asilikali a America akutsika m'maboti pagombe la Omaha ku Normandy. Zithunzi zake, zimene magazini ya Life inasindikiza, ndi zachimbuuzi, ndipo chimbuuzicho ndicho chimakuuza kuti wojambulayo anali m'madzi momwemo, zipolopolo zikulira. Ndikukayika ngati zikanapeza nyenyezi ziwiri pa laputopu yanga.

Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti ndinalipo. Ndinamva nthungululuyo ndi makutu anga, ndinakweza kamera ndekha chifukwa ndinadziwa kuti apa pachitika chinthu. Patangopita tsiku limodzi ndinalola makina amene sanapondeko ku Domasi kuti andiuze zoyenera kukumbukira, ine osatsegula n'komwe foda inayo. Ulesi unali wanga.

Pulogalamuyo sindinaisiye, ndinene zoona. Pakakhala zithunzi 12 za gulu lomwelo, imapeza msanga chimene palibe waphethira, ndipo pamenepo imandiposa. Kungoti tsopano ndimayambira ku zotayidwa, chimodzichimodzi, zomwe zimandidyera ola ndi theka pa maola amene ndinkati ndapulumutsa. Usiku umenewo ndinatolamo zina 14. Cha agogo mtsikana uja anakachitsukitsa chachikulu, ndipo ndalama yanga yotsala anatumiza tsiku lomwelo.