Contra tinaisewera, koma anaipanga ndani?

Mwezi watha amalume anali kulonga katundu ku Kabwata kuti asamukire ku Chelstone. Pansi pa sutukesi yakale tinapeza TV game ija tinakulira nayo, pamodzi na mfuti ya pulasitiki na makatiriji atatu acikasu. Imodzi inali yolembedwa 9999999 in 1. Aliyense wa msinkhu wanga adziwa bodza lija: magemu enieni anali ocepa cabe, enawo kubwerezabwereza na maina osintha.

Msuweni wanga anaona ndalama pamenepo. "Ku Kabulonga kuli mudala wina agula vinthu vakudala," anatero. "Namuuza kudala kuti tili na vya Nintendo, original." Anafuna kuti ine ndimuperekeze, cifukwa mtolankhani akakamba anthu akhulupirira. Ndinamuuza kuti ayembekeze, ndiyambe ndafufuza.

Tinalumikiza makinawo ku TV yakale ya cimimba, cifukwa mfuti ija siigwira pa TV za masiku ano. Ndinauzira mpweya mu katiriji monga tinali kucitira tili ana, Contra n'kuyaka. Apa m'pamene ndinaona cimene sindinaonepo zaka zonsezi: pansi pa dzina la gemu, pomwe payenera kukhala dzina la kampani na caka, panali mbee. Okopera anafufuta.

Makina enieni anali Famicom, amene Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, ndipo ku America anafika mu 1985 na dzina la NES. Athu aja anali okopera cabe. Ndipo Nintendo siinapange magemu onse monga tinali kuganizira. Yake ni Super Mario Bros ya 1985, Duck Hunt, Excitebike na Ice Climber. Contra ni ya Konami, inafika pa Famicom mu 1988. Road Fighter na Yie Ar Kung-Fu ni za Konami nazonso. Bomberman na Adventure Island ni za Hudson Soft, kampani ya cizindikiro ca njuci, imene inamezedwa na Konami mu 2012.

Cinandiwawa maningi ni gemu ya akasinja. Tonse tinali kuicula Tank 1990, tikumenyana cifukwa mnzako wawombera ciwombankhanga canu comwe. Dzina lake lenileni ni Battle City, ya Namco, ya 1985. Tank 1990 ni ija anaisintha ku China. Nanga Mortal Kombat ija tinali kudzitama nayo? Pa Famicom siinatulukepo mwalamulo. Anaipanga ni okopera.

Ngati muli na katiriji kunyumba, kuona sikuvuta. Yambani na cithunzi coyamba gemu ikayaka: yeniyeni ionetsa dzina la kampani na caka. Onani cikuto: za Nintendo pa Famicom zili na nambala yoyamba na HVC, za Namco zambiri zilembedwa Namcot. Werengani mano a pansi: Famicom ili nao 60, NES 72. Ndipo ikalonjeza magemu mamiliyoni, musavutike na kuwerenga.

Ndinamuuza msuweni kuti ku Kabulonga ndipita, koma bodza sindikamba. Anakalipa. "Iwe, ndalama ya transport ya katundu wa amalume izacokera kuti?" Funso linali la zoona, ndipo yankho ndinalibe. Tinapitabe. Bakamba aja anatembenuza katiriji kamodzi cabe n'kuseka. Anali atadziwa kale asanatifunse. Sanagule, koma anatikhazika pansi n'kutionetsa Contra yao, dzina la Konami lili poyera. Tikananama, sembe tinacoka na manyazi.

M'basi pobwerera ndinakhala cete. Nchito yanga ni kulemba za oimba. Kangati ndadandaula pa tsamba lino kuti nyimbo ziyenda m'mafoni na pa ma flash m'tauni popanda dzina la woimba kapena la producer? Koma ine wamene ndinakula na nyimbo ya Mario m'mutu, osadziwa kuti anaipeka ni Koji Kondo, ndipo gemuyo ni nzeru za Shigeru Miyamoto na anzake.

Okopera aja sindiwada. Popanda iwo, mwana wa ku Kabwata sembe Mario sanamuone, cifukwa makina enieni makolo athu sakanakwanitsa. Koma cotipatsa anatipatsa atacotsapo maina a eni ake.

TV game inapita ku Chelstone, ndalama ya galimoto tinacita kusonkha. Pa katiriji iliyonse ndinamata kapepala n'kulembapo na bolopeni: Konami, Namco, Hudson Soft, Nintendo. Amalume anawerenga n'kufunsa, "Nanga awa ni ndani?" Ndinati, "Ni amene anali kutilera imwe mukapita ku nchito."