Popa, gwira, usasiye

Amangwetu, dzulo ndinakhala pachiwongolero ola lathunthu, galimoto osasuntha.

Ndi Peugeot 404 ya amalume ija. Ndi yakale kuposa ine, komabe ndi imene imanyamula usipa wa bambo kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Lilongwe. Buleki inafewa ngati siponji, ukaponda mwendo mpaka pansi. Amalume akuti mpweya unalowa m'mapaipi. Mafuta a buleki sapanikizika koma mpweya umapanikizika, ndiye mphamvu ya mwendo imathera panjira.

Tinayambira tayala lakumbuyo kumanzere, lakutali ndi kathanki ka mafuta. Iwo chagada pansi ndi sipanala, kapaipi kali m'botolo la Sobo. "Popa! Gwira!" Amasule kanati, thovu lituluke, amangenso. "Siya!" Kathanki osalola kuti kaume.

Pa tayala lachitatu foni inalira. Ndinachotsa mwendo iwo asanamange, mpweya n'kubwereramo.

Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Iwe, tikamatsika Khwekhwelere pobwerera, kumbuyoku amakhala ndani?"

Amakhala amayi, ndalama za usipa atamanga pachitenje.

Tinayambiranso, foni yanga ili m'thumba mwa amalume.