Dzina la Coimbira ndi Mfunda Wake

Mphunzitsi mnzanga, mukadzatumizidwa ku sukulu za ku Kaumbwe, m'boma la Petauke, mudzapeza ana olankhula Cinsenga kwao ndi kuphunzira Cinyanja m'kalasi. Mukadzawaonetsa cithunzi ca vayolini, ambiri adzati ndi gitala. Musadzafulumire kuwadzudzula: aona nsambo, cimene akusowa ndi dzina.

Ine ndimayerekeza mau ndi mfunda. A Tembo ndi ambiri, koma aliyense ali ndi dzina lakelake. Liu lakuti “coimbira” lili ngati mfunda, pakuti likuta ng'oma, kalimba, bangwe ndi kaligo. M'kati mwake muli banja la zoimbira za nsambo. Kalimba, amene John Blacking anafufuza nyimbo zake pakati pa Ansenga mu 1961, sali m'banjali cifukwa amalira ndi tizitsulo. Za nsambo nazo zimagawikana: bangwe amaimbidwa ndi zala, pamene kaligo, wa nsambo imodzi, ndi vayolini, wa nsambo zinai, amalira pokwecedwa ndi kauta. Vayolini ali ndi abale ake, viola ndi cello, okulirapo ndiponso a mau otsika.

Patsani ana muyeso uwu: kaligo aliyense ndi coimbira, koma si coimbira ciliconse cimene cili kaligo. Ciganizo cikakana kutembenuzika motere, mwapeza liu lalikulu ndi laling'ono. Kaligo ndi vayolini akhala pa mzere umodzi, ndipo palibe wokuta mnzake. Nkulakwa tsono kuchula kaligo kuti “vayolini wakumudzi”, ngati kuti wina ndiye kholo.

Dziwaninso kuti liu limakula. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anachula coimbira ca Davide kuti zeze, ngakhale cinali cosiyana ndi zeze wa kwathu kuno. “Gitala” wa ana aja akukulanso cimodzimodzi, ndipo nkhawa yanga ndi yakuti akameza maina ena onse, adzukulu athu sadzatha kusiyanitsa bangwe ndi kaligo.

Conco jambulani mtengo pa bolodi: “coimbira” pa thunthu, mabanja pa nthambi, maina pa masamba. Tumani ana akafunse agogo ao maina ena, ngakhale a Cinsenga, ndipo mwana aliyense afotokoze cifukwa cake waika tsamba lake pa nthambi yakutiyakuti. Mwana wotha kupereka cifukwaco wamvetsa phunziro.