Maso a Mlongo Wanga

Anzanga, diso la mwana silifulumira kupangika. Timitsempha ta magazi ta m'kati mwace timatsiriza kukula mwana akakwanitsa miyezi 9 m'mimba. Mlongo wanga anabadwa ndi miyezi 7 yokha, ndipo anamgoneka m'kabokosi kofunda, nampatsa mpweya wa okisijeni. Mpweya umenewu ukacuruka timitsempha tija timaleka kukula, pambuyo pace timamera mosokonezeka, ndipo mwana angacite khungu. Dokotala Kate Campbell wa ku Melbourne ndiye anazindikira zimenezi m'caka ca 1951. Komanso kum'mana mwana mpweyawo kungamuphe, cotero anamwino amacita kuyesa mosamala. Amai alemba kuti adokotala amuona maso kawiri, ndipo adzamuonanso Lolemba. Ine kuno tulo sindikupeza.