Chonya, Dangwe ndi Abale Ena a Khofi: Momwe Mmisiri wa Mitengo Amawazindikirira

Banja la khofi, lomwe akatswiri a zomera amalitcha Rubiaceae, ndi lachinayi kukula mwa mabanja onse a zomera zochita maluwa. Muli mitundu yoposa 13,000 yogawidwa m'magulu pafupifupi 600, ndipo yochuluka imamera m'mayiko otentha. Ku Manjawira, pamsewu wa M1 kummwera kwa boma la Ntcheu, khofi salimidwa chifukwa dera ndi lotentha ndipo mvula imadula msanga. Abale ake okha ndiwo alipo, ena m'tchire, ena m'mbali mwa mitsinje yotsika m'mapiri a Kirk Range. Ife amisiri osema ndi opala matabwa timakumana kawirikawiri ndi anayi mwa iwo: chonya, dangwe, chipembere ndi mzilu.

Kasanjidwe ka zomera

Mmisiri amadziwa mtengo poona khungwa, ponunkhiza chibanthu ndiponso poyesa kulemera kwa chipika. Nzeru zimenezi zimakwanira posankha thabwa, koma sizionetsa chibale, pakuti mitengo yosayandikana n'komwe imatha kukhala ndi makungwa ofanana. Akatswiri amayang'ana duwa, chipatso ndi pamfundo pomwe masamba amaphukira, chifukwa ziwalo zimenezi sizisinthasintha ndi dothi kapena mvula.

Kasanjidwe kawo kamafanana ndi ka anthu pamudzi: banja lalikulu limagawika m'zigawo, chigawo m'mafuko, fuko m'mbumba, ndipo mbumba iliyonse ili ndi mitundu yake. Chomera chilichonse chili ndi dzina la Chilatini la mawu awiri, loyamba la mbumba, lachiwiri la mtundu. Njira imeneyi anaikhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'chaka cha 1753, ndipo ndi iye amene anatcha khofi Coffea arabica. Banja lonse analipatsa dzina ndi Antoine Laurent de Jussieu wa ku France mu 1789, potengera chomera cha Rubia chimene mizu yake ankapangira utoto wofiira wonika nsalu.

Zizindikiro za banjali

Chizindikiro choyamba chili pa masamba. Amaphuka awiriawiri moyang'anana pamfundo imodzi, ndipo m'mphepete mwake ndi mosalala, mopanda mano. Mitundu ina imaphukitsa atatu kapena anayi mozungulira mfundo.

Chachiwiri ndicho chodalirika koposa. Pakati pa mapesi a masamba awiriwo, mbali zonse ziwiri za nthambi, pamakhala kakhutu kakang'ono, nthawi zambiri kosongoka, komatirira kunthambi. Munthu akagwira nsonga ya nthambi yanthete n'kupatula masamba omalizira ndi chala, amakaona kataphimba mphukira yatsopano. Panthambi yokhwima kakhutuko kamauma n'kugwa, koma kamasiya mzere wopingasa wochoka paphesi lina kufika palinzake. Mzere umenewu umaoneka ngakhale m'chilimwe mtengo utayoyola masamba ambiri.

Chachitatu chili paduwa. Timasamba ta duwa timalumikizana m'munsi n'kupanga kampope, kenaka timatambasuka kunsonga, kawirikawiri tinayi kapena tisanu. Kathumba kosunga mbewu kamakhala pansi pa duwa, choncho chipatso chikakula chimatsala ndi kamchombo kunsonga kwake pomwe panali duwalo. Kamchomboka kamaoneka bwino pachipatso cha khofi ndi cha mzilu.

Mitengo ina ya m'dera lino ili ndi masamba oyang'anana koma si ya m'banjali, ndipo wophunzira ntchito amasokonezeka nayo. Thombozi ukathyola tsamba umatuluka utomoni woyera, pomwe mitengo ya banja la khofi ya kuno ilibe utomoni wotere. Mteme uli ndi mitsempha itatu kapena isanu yochokera pansi pa tsamba, ndipo kathumba ka mbewu kali pamwamba pa duwa. Katope, amene amamera limodzi ndi chonya kumtsinje, alibe kakhutu pamfundo. Thombozi ndi mteme ndi a mabanja oyandikana ndi la khofi, onse a m'gulu lalikulu la Gentianales, koma katope ndi mbale wa bulugamu ndi gwafa.

Zigawo za banjali

Kugawa banja lalikulu chotere kwavuta akatswiri kwa zaka zambiri. Mu 1891 Karl Schumann wa ku Germany analigawa pawiri powerenga mbewu: zomera zokhala ndi mbewu imodzi m'chipinda chilichonse cha kathumba anaziika mbali imodzi, za mbewu zambiri mbali ina. Njirayi inali yosavuta kutsata koma inkalekanitsa abale enieni. Mu 1958 Bernard Verdcourt, amene pambuyo pake anagwira ntchito ku Kew ku England, anasanja zigawo zitatu poonjezera zizindikiro zina, monga timiyala tonga singano topezeka m'kati mwa masamba a mitundu ina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 akatswiri anayamba kuyeza DNA, ndipo mabuku ambiri anatsata zigawo zitatu izi: Rubioideae, Cinchonoideae ndi Ixoroideae.

Mu Rubioideae muli zitsamba ndi maudzu ambiri, kuphatikizapo Rubia ndi Psychotria, mbumba yaikulu koposa zonse m'banjali, komanso Richardia, tchire lamaluwa oyera loyanga pansi lomwe linachokera ku America ndipo limavutitsa m'minda ya chimanga. Mu Cinchonoideae muli Cinchona, mtengo wa kumapiri a Andes womwe khungwa lake limatulutsa kwinini, mankhwala amene akatswiri awiri, Pelletier ndi Caventou, anawapatula mu 1820. Chonya ali m'chigawo chimenechi. Mu Ixoroideae muli khofi weniweni, ndipo dangwe, chipembere ndi mzilu ali momwemo. Kusanja kumeneku kukuonetsa kuti mzilu, kamtengo kamene abusa a mbuzi amathyolako zipatso, ndi mbale wapafupi wa khofi kuposa chonya.

Chonya

Chonya, amene ena amamutcha mng'ona, ndiye mtengo wa matabwa wa banjali. Dzina lake ndi Breonadia salicina, wa fuko la Naucleeae, ndipo m'mbumba yake alimo yekha. Mabuku akale a zankhalango amamulemba Adina microcephala. Dzina la Breonadia salicina linakhazikika mu 1982. Amamera m'mphepete mwa mitsinje ndi m'makwawa, mizu ili pafupi ndi madzi, ndipo pamalo abwino amatalika kupitirira mamita 30. Masamba ake ndi aatali, opyapyala, onyezimira, omera atatu kapena anayi pamfundo, ndipo sayoyoka m'chilimwe. Maluwa ake ang'onoang'ono amaunjikana m'timipira tozungulira tolendewera pamapesi.

Thabwa la chonya ndi lachikasu chopita kubulauni, lolimba, lolemera, ndipo lili ndi mafuta akeake. Likapalidwa ndi pulena limaterera m'manja ndipo fungo lake silisowa. Mafutawo ndiwo amaliteteza ku chiswe ndi chinyezi, n'chifukwa chake kuyambira kale limagwiritsidwa ntchito posema mabwato, pomanga milatho, popanga mphuthu za zitseko ndi poyala pansi m'nyumba. Mafuta omwewo amavutitsa pantchito. Guluu sagwira bwino pokhapokha malo olumikizawo atapukutidwa kaye, ndipo vanishi amachedwa kuuma. Msomali ukakhomedwa pafupi ndi kumapeto thabwa limang'ambika, choncho timayamba taboola kabowo. Matabwa ongocheka kumene amasanjidwa pamthunzi, pakati pake n'kuikapo timitengo kuti mphepo izidutsa, ndipo pamwamba amatsinjikapo miyala. Akaumikidwa padzuwa amachita ming'alu ndi kupindika.

Dangwe

Dangwe, Crossopteryx febrifuga, ndi mtengo wa m'tchire louma, wamsinkhu wapakati, wa thunthu lomwe nthawi zambiri limakhala lokhota. Nayenso ali yekha m'mbumba yake, ndipo akatswiri anamupatsa fuko lakelake. Amachita maluwa oyera onunkhira, ounjikana kunsonga kwa nthambi, mvula ikayamba. Zipatso zake ndi timakoko touma tozungulira tomwe timada tikakhwima, timang'ambika pawiri, ndipo timakhalitsa mumtengo miyezi yambiri. Timakoko timeneti ndito timathandiza kumuzindikira m'chilimwe. Mbewu zake ndi zopyapyala, zokhala ndi kaphiko kamanomano kuzungulira.

Mtengo wake ndi wofiirira pang'ono, wolimba, wa minyewa yothinana. Sutulutsa matabwa aakulu, koma umasemeka bwino. Mmisiri amadula chipika, kuchiwaza pakati ndi nkhwangwa, kuchisema ndi kasemasema chikadali chachiwisi, n'kuchiika pamthunzi kuti chiume asanamalize ndi mpeni ndi sandipepa. Umatulutsa zipande, mithiko, mipini ya zida zing'onozing'ono ndi zosema zokongoletsera, ndipo ukakwechedwa bwino umasalala popanda vanishi. Asing'anga a m'mayiko ambiri a mu Africa amagwiritsa ntchito khungwa la dangwe pa kutentha kwa thupi, koma mulibe kwinini, ndipo silingalowe m'malo mwa kuyezetsa malungo kuchipatala.

Chipembere ndi mzilu

Chipembere ndi chitsamba kapena kamtengo kaminga yolimba yowongoka, ka mbumba ya Catunaregam m'fuko la Gardenieae. Mabuku akale amakalemba Xeromphis obovata. Masamba ake amaunjikana patimphanda tatifupi, maluwa amayamba oyera n'kusanduka achikasu, ndipo chipatso chili ndi mbewu zambiri. Mtengo wake ndi wolimba koma waung'ono, wokwanira mithiko ndi ndodo, pomwe nthambi zaminga zimatchinga makola ndi madimba. M'fuko lomweli muli mitengo ya Gardenia, ya nthambi zophuka zitatuzitatu ndi maluwa aakulu onunkhira, yomwe mtengo wake wachikasu umapanga mipini ya mipeni.

Mzilu, Vangueria infausta wa fuko la Vanguerieae, uli ndi masamba aakulu aubweya ndi timaluwa tobiriwira. Chipatso chake chimapsa chabulauni, chimakoma mowawasira, ndipo chimakhala ndi nthangala zolimba zitatu mpaka zisanu. Mmisiri saudula kawirikawiri, chifukwa thunthu lake ndi lochepa ndipo zipatso zake n'zaphindu kuposa mpini umodzi umene ungatulukemo.

Khofi weniweni

Mbumba ya Coffea ili ndi mitundu yoposa 120, koma malonda a padziko lonse amadalira iwiri yokha: arabica ndi canephora, imene amalonda amaitcha robusta. Arabica anachokera kumapiri a kummwera chakumadzulo kwa Ethiopia, ndipo anabadwa mwa kukwatirana kwa canephora ndi mtundu wina wotchedwa eugenioides. Pachifukwa chimenechi ali ndi makromozomu 44 pomwe mitundu inayo ili ndi 22. Ku Malawi anafika mu 1878, pamene Jonathan Duncan, wosamalira munda wa mishoni ya Blantyre, anabwera ndi mbande zochokera ku Edinburgh. John Buchanan anamulima ku Zomba, ndipo pofika mu 1900 khofi ndiye anali mbewu yaikulu yogulitsa kunja, mpaka chizindikiro cha boma la atsamunda chinali ndi mtengo wa khofi. Pambuyo pake matenda, tizilombo ndi kugwa kwa mitengo yogulitsira zinachititsa alimi kutembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Lero arabica amalimidwa kumalo okwera ndi ozizira monga Misuku, Phoka, Viphya, Ntchisi ndi Thyolo. M'nkhalango zina za m'mapiri a Malawi mumameranso khofi wachilengedwe, Coffea mufindiensis, ndipo ku Mozambique kuli Coffea racemosa.

Kutsimikiza dzina ndi kusamala mitengo

Dzina la pamudzi limasintha ndi dera, ndipo dzina limodzi limatha kutchulidwira mitengo iwiri. Pofuna kutsimikiza, amathyola kanthambi kokhala ndi masamba, mfundo ziwiri kapena zitatu, ndi duwa kapena chipatso. Amakayala pakati pa nyuzipepala, kutsinjika ndi matabwa awiri, ndipo amasintha mapepalawo tsiku ndi tsiku mpaka kaume. Pakapepala amalembapo malo, tsiku, msinkhu wa mtengo, maonekedwe a khungwa, mtundu wa duwa ndi dzina la pamudzi. Zitsanzo zotere zimasungidwa ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987. Kumeneko amaziyerekeza ndi zinzake komanso ndi mabuku a Flora Zambesiaca, omwe amafotokoza zomera za Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana. Banja la khofi linafotokozedwa m'magawo atatu a mabukuwo, otuluka mu 1989, 1998 ndi 2003, olembedwa makamaka ndi Verdcourt ndi Diane Bridson.

Kudziwa dzina lenileni kumakhudzanso lamulo. Chonya ali pamndandanda wa mitengo yotetezedwa m'Malawi pamodzi ndi mlombwa, mbawa, muwanga ndi tsanya, ndipo lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chilolezo kuti mtengo wotere udulidwe. Kuotcha makala ndi kulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje kwachepetsa mitengo ikuluikulu m'dera la Manjawira, ndipo chonya akadulidwa pagombe dothi limagumukira m'madzi. Masiku ano amisiri ambiri amapangira mphuthu ndi mipando matabwa a bulugamu ndi paini. Chonya amene timagwira kwambiri ndi wa mitengo yogwetsedwa ndi madzi osefukira ndi wa mphuthu zakale zochotsedwa m'nyumba zogumulidwa, zomwe zikapalidwanso zimapezeka zili zamoyo m'kati. Dangwe ndi chipembere amaphukiranso pachitsa, choncho wosema amadula nthambi imodzi yowongoka pamwamba pa mfundo n'kusiya thunthu kuti libereke zina.