Kunyamula Mthuthuthu pa Lole

Mphunzitsi wina wa ku Chipata anasamutsidwa kunka ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500. Mthuthuthu wace unali utafa injini, motero anayenera kuunyamula pa lole. Cinthu cimeneci cilemera koposa matumba atatu a cimanga, ndipo cikagwera munthu cingamthyole mwendo.

Poyamba anatseka mpopi wa petulo kuti angadonthe ndi kubutsa moto. Pamenepo anaimika lole cambuyo pafupi ndi culu, nayala thabwa lolimba kuti citunda cicepe. Amuna awiri anakankha, wacitatu atagwira buleki. Atafika pamwamba anagunditsa gudumu lakutsogolo ku khoma la lole, nalowetsa giya, namanga zingwe zinai, ziwiri kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo, kufikira mthuthuthu unaima cilili.

Woyendetsa lole anafuna kufulumira, koma mphunzitsiyo anampempha kuti aime pa Katete. Anapeza cingwe cimodzi citakhwefuka cifukwa ca kugwedezeka, nacikunganso. Cotero m'mapiri okhotakhota a ku Luangwa katunduyo sanasunthe konse.

Iye amene amanga katundu mosamala, nayang'ananso zingwe panjira, afika kwao mtima uli pansi.