Pepani Sapoletsa Chilonda: Za Liwu la Chingerezi Loti "Sorry"

Lero ndikambako za liwu limodzi la Chingerezi limene silichoka pakamwa panu, makamaka inu okhala ku Mangalande mukamandiimbira foni. Liwulo ndi "sorry". M'mphindi zochepa za macheza mumalitchula kanayi kapena kasanu, ndipo ulendo uliwonse limatanthauza china.

Ndinayamba kuliganizira liwuli ndili ku koleji ya zauphunzitsi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Tsiku lina aphunzitsi athu a Chingerezi, mzungu wa ku Mangalande, anapunthwa pakhomo la kalasi, mabuku onse n'kumwazika. Tonse tinafuula pamodzi kuti, "Sorry, sir!" Iwo anatiyang'ana modabwa n'kufunsa ngati panali wina amene anawakankha. Ife tinangotembenuza "pepani" wathu uja, amene timauza mnzathu akapunthwa, akadwala kapena mbuzi yake ikagwidwa ndi fisi. Kwawo, pa kangozi kotere, wonena liwulo amamveka ngati akuvomera kuti ndiye wachititsa.

Nditayamba kutchera khutu, ndinapeza kuti liwuli lili ndi ntchito zambiri. Munthu akaponda mnzake phazi amalinena, ndipo apo wavomera kulakwa. Akamva za maliro amalinenanso, koma apo akusonyeza kuti akulira nawo. Akapanda kumva bwino zimene mwanena, amalitchula mokweza mawu kumapeto ngati funso, kutanthauza kuti mubwereze. Akafuna kudutsa pakati pa anthu amalinena monga momwe ife timanenera "zikomo". Wogulitsa m'sitolo akalinena, dziwani kuti katundu watha. Kalata yoyankha pempho la ntchito ikayamba ndi liwuli, pindani pepalalo, ntchito mulibe. Wina amalinena asanatsutse mnzake, ndipo mwana wamwano amatha kulikoka ndi mphuno kuti aonetse kuti sakupepesa konse. Limafotokozanso chinthu chomvetsa chisoni, monga nyumba yongotsala pang'ono kugwa imene amati ili mu "sorry state".

Ambiri amayesa kuti liwuli linachokera ku "sorrow", kutanthauza chisoni, popeza mawu awiriwa amafanana. Si choncho. M'Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, linali "sarig", lochokera ku "sar", liwu limene lero ndi "sore", kutanthauza ululu kapena chilonda. Wonena liwuli ankatanthauza kuti iye mwini wamva kuwawa. Nditadziwa zimenezi ndinakumbukira mwambi wa makolo woti pepani sapoletsa chilonda, ndipo ndinaona kuti mitundu iwiri yotalikirana inaika kupepesa pafupi ndi chilonda.

Chifukwa cha kuchuluka kwa matanthauzoku, liwuli lavutitsa ngakhale maboma. Ku England ndi ku Wales anakhazikitsa lamulo mu 2006 lonena kuti kupepesa pakokha si kuvomera mlandu wa kusasamala, pakuti anthu ankaopa kuti akapepesa pambuyo pa ngozi, mawuwo adzawatsata kukhoti. Ku Australia nkhani inali yaikulu koposa. Kwa zaka zambiri, kufikira cha m'ma 1970, ana a eni nthaka, Aaborijini, ankalandidwa kwa makolo awo mokakamiza. Lipoti lofufuza zimenezi linatuluka mu 1997, ndipo pa 26 Meyi 1998 anthu anayamba kusunga tsiku lotchedwa National Sorry Day. Nduna yaikulu ya nthawiyo, a John Howard, anakana kupepesa m'dzina la boma, n'kungonena kuti zinali zomvetsa chisoni. Anthuwo anadikira mpaka pa 13 Febuluwale 2008, pamene a Kevin Rudd analitchula liwulo m'nyumba ya malamulo ku Canberra. Amene analandidwa ali ana sankafuna "sorry" wa pamaliro. Ankafuna uja wovomera kuti tinalakwa.

Tsopano ndikuuzeni zanga, ngakhale zili zochititsa manyazi. Ndili mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulaimale, m'masiku amene ana ankalipirabe fizi, pakuti maphunziro aulere anayamba mu 1994, ndalama zinasowa mu ofesi mwanga. Mnyamata wina wa Sitandade 7 ndiye anali atasesamo m'mawa umenewo. Sindinafufuze. Ndinamukwapula pamaso pa anzake onse ngakhale iye ankakana akulira. Patapita masiku atatu ndalamazo ndinazipeza zitapanikizika m'kaundula wa mayina, momwe ndinaziika ndekha.

Ndinakumana naye pakhonde, n'kunena mwachangu kuti, "Sorry, ndalama zija zapezeka," n'kupitirira. Ndinasankha Chingerezi dala. Kunena kuti "ndakulakwira" kwa mwana kunali kolemera kwa ine, pomwe liwu lachilendoli linandipatsa pobisala. Mwanayo akanatha kulimva ngati kupepesa, ine n'kumalimva ngati kudandaula chabe kuti zinthu zinayenda molakwika. Anzake amene anaona chikwapu sanamve kanthu, ndipo dzina loti wakuba linamukakamira mpaka anachoka pa sukulupo.

Kwathu kupepesa sikuyenda chotero. Munthu akalakwira mnzake kwambiri sapita yekha, amatenga wamkulu woti amuyankhulire. Amakhala pansi, amaomba m'manja, natchula cholakwacho ndi dzina lake. Nkhani ikafika pabwalo la mfumu, amapereka nkhuku kapena mbuzi malinga ndi kukula kwa mlandu, ndipo amene anaona cholakwacho amaonanso chipepesocho. Pamaliro napo sitipita ndi pakamwa pokha. Timatenga ufa, nkhuni kapena kandalama, n'kugona pasiwa, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zimenezi ndizo mwambi uja ukuphunzitsa. Sukuletsa kunena pepani, koma ukukumbutsa kuti mawuwo ndi chiyambi chabe.

Mnyamata uja ndinakumana nayenso patapita zaka zoposa 20, pamaliro ena, ali bambo wa ana ake. Anandipatsa moni mwaulemu, atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere. Ndinamutengera pambali pamaso pa akuluakulu awiri n'kunena kuti, "Bambo, ndinakulakwirani. Simunabe ndalama zija, ndipo ndinakumenyani popanda chifukwa. Mundikhululukire." Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Aphunzitsi, zinapita zimenezo, koma ndathokoza kuti mwanena." Sabata yotsatira ndinatumiza tambala kunyumba kwake. Zaka zimene anayenda ndi dzina loipa sindikanatha kumubwezera.

Choncho adzukulu anga, sindikukuletsani kuyankhula Chingerezi, ndi chinenero chimene ndinadyera nsima kwa zaka zambiri. Podutsa pakati pa anthu, pofunsa zimene simunamve, linenani liwulo momasuka monga eni ake amachitira. Koma mukalakwira munthu, dzifunseni kuti mwa matanthauzo onse aja mukunena liti. Ngati ndi lovomera kulakwa, imani, muyang'aneni munthuyo, tchulani chimene mwachita, ndipo konzani chimene chingakonzeke tsiku lomwelo, pamaso pa amene anaona. Musadikire zaka 20 ngati agogo anu.